Emilia Pérez: ndani ayenera kuimba chisoni cha Mexico?

Nachisale: Moni nonse pagulu pano. Alipo amene anaonera Emilia Pérez mpaka kumapeto? Ndikufuna tiikambirane mofatsa chifukwa yandisiya ndi mitima iwiri. Nyimbo zake zina sizikuchoka m'mutu mwanga, koma ndikaganiza za anthu a ku Mexico amene nkhaniyi ikuwakhudza, mtima ukundiuza kuti ndasangalala pamalo posayenera. Amene simunaonere mutikhululukire, tiulula mathero.

Mbewe wa ku Joni: Achemwali, tiuzeni kaye kuti ndi filimu yanji. Ine dzinalo ndinangolimva nthawi ya ma Oscar.

Aphunzitsi a ku Zomba: Ndiyese ine, a Mbewe. Ndi filimu ya 2024, ya m'Chisipanishi, ndipo anthu ake amati akulankhula kenako n'kuyamba kuimba ndi kuvina nkhani ili mkati. Anaitsogolera ndi Jacques Audiard wa ku France. Ganizo analitenga m'buku la Boris Razon lotchedwa Écoute, limene linatuluka mu 2018. Sanatenge buku lonse ayi. Anatola munthu mmodzi wopezeka m'mutu umodzi wa bukulo n'kumumangira nkhani yakeyake, ndipo poyamba anailemba ngati sewero la opera. N'chifukwa chake nyimbo zachuluka chonchi.

Nkhani yake ili motere. Rita ndi loya wa mumzinda wa Mexico City, wanzeru koma wotopa, amene amalembera bwana wake mawu okapulumutsira anthu olemera kukhoti. Tikumuona koyamba akuthandiza kumasula mwamuna amene anapha mkazi wake, ponena kuti mayiyo anadzipha yekha. Usiku wina anthu amuphimba kumutu n'kupita naye kwa Manitas, mkulu wa gulu logulitsa mankhwala ozunguza bongo. Manitas sakufuna loya wa mlandu. Akufuna Rita amupezere dokotala mwachinsinsi woti amuchite opaleshoni akhale mkazi, chimene akuti wakhala akuchilakalaka kuyambira ali mwana. Rita apita ku Bangkok, kenako ku Tel Aviv, apeza dokotala, asamutsira ku Switzerland mkazi wa Manitas, dzina lake Jessi, pamodzi ndi ana awiri, ndipo dziko liuzidwa kuti Manitas wafa. Patapita zaka 4, Rita akumana ku London ndi mayi wina wotchedwa Emilia Pérez. Ndi yemwe uja, ndipo akufuna ana ake.

Mbewe wa ku Joni: Eee, ndiye ndi nkhani yolemera. Anawo amawauza zoona?

Nachisale: Sawauza. Amawabweretsa ku Mexico pamodzi ndi mayi awo n'kumakhala nawo nyumba imodzi ngati azakhali, akuti ndi msuweni wa malemu. Ndipo apa m'pamene panandigwira ine. Pali usiku wina pamene mwana wamwamuna akulephera kugona, azakhali aja abwera kudzakhala pambali pa bedi. Mwanayo awayandikira, awanunkhiza, n'kuyamba kuimba motsitsa kuti akumva fungo la bambo ake. Akutchula khofi, chikopa, injini ya galimoto, thukuta. Emilia wangokhala chete, sangayankhe, chifukwa akangotsegula pakamwa bodza lonse ligwa. Mwana sadziwa za opaleshoni, sadziwa za ndalama, koma mphuno yake yamuzindikira kholo lake. Aliyense amene anataya bambo ake ali wamng'ono akudziwa kuti nkhope imatha kuiwalika koma fungo la malaya awo silichoka.

Mkulu wa Kwaya: Mwalasa, a Nachisale. Nyimbo imeneyo dzina lake ndi Papá, ndipo kwa ine ndi imene inaimbidwa moona kuposa zonse. Ndinene za maimbidwe pang'ono poti ndi kumene ndimakhala. Nyimbo analemba ndi Camille, woimba wa ku France, mothandizana ndi Clément Ducol. Chimene anachita mwaluso n'chakuti nyimbo zambiri sizimayamba ngati nyimbo. Munthu amayamba ndi kunong'ona, mpweya ukumveka, mawu akugunda ngati akuwerenga, kenako umangozindikira kuti waloweratu m'nyimbo osadziwa pamene walowera. Mverani mmene Manitas amaimbira mkati mwa galimoto muja pouza Rita chimene akufuna: liwu lili pansi penipeni, lokhakhala, lotsala pang'ono kusweka.

Ina ndi El Mal. Pali phwando lotolera ndalama, anthu olemekezeka akhala pamatebulo, Emilia akulankhula pagome. Rita, atavala suti yofiira, ayamba kuzungulira matebulowo akuloza mmodzimmodzi, uyu ndi wakuba, uyu ndi wakupha, uyu amadya ndi zigawenga, ndipo iwo sakumuona chifukwa zonse zikuchitika mumtima mwake. Zoe Saldaña, amene akusewera Rita, anaphunzira kuvina ali mtsikana ku Dominican Republic ndipo zikuoneka. Thupi lake likunena mkwiyo umene pakamwa pa loya sipanganene. Magulewo anakonza ndi Damien Jalet.

Mayi a Tadala (Texas): Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, koma pano ndiyankhuleko. Kuno ndimagwira ntchito ndi amayi ambiri ochokera ku Mexico, ndipo pakati pawo sindinamve woiyamikira filimuyi. Sikuti amadana ndi nyimbo. Chimene chimawapweteka ndi gawo lachiwiri la nkhani, limene Aphunzitsi sanafikepo. Emilia akumana ndi mayi wina akugawa mapepala a chithunzi cha mwana wake wosowa. Mtima umugunda, ayambitsa bungwe lotchedwa La Lucecita lofufuza mitembo ya anthu osowa, ndipo amene akuuza bungwelo pokumba ndi zigawenga zomwe zija. Ndiye kuti munthu amene anali mkulu wa okwirira anthu mobisa wasanduka mpulumutsi wa amayi olira, akuoneka pa TV, akuomberedwa m'manja.

Abale, ku Mexico nkhani ya anthu osowa si nthano. Kaundula wa boma anapitirira anthu 100,000 mu 2022, ndipo ambiri anasowa kuchokera mu 2006 pamene Pulezidenti Felipe Calderón anatumiza asilikali kukamenyana ndi magulu a mankhwala. Mukukumbukira ophunzira 43 a ku Ayotzinapa amene anatengedwa ku Iguala mu September 2014? Makolo awo mpaka lero akufunsabe. Ndipo amene amakumba si mabwana olapa. Ndi amayi wamba, amawatcha madres buscadoras. Amasonkherana ya mafuta, amatenga mafosholo ndi ndodo yachitsulo, amapita kutchire. Akaona pamene dothi likuoneka ngati linagwiridwapo, amabaya chitsulo chija pansi, amachizula, n'kununkhiza kunsonga kwake. Fungo likamveka, amayamba kukumba. Ena mwa amayi amenewa aphedwa chifukwa cha kufufuzako. Pa 10 May, tsiku la amayi kwawoko, iwo amayenda mumsewu atanyamula zithunzi za ana awo.

Ndiye a Nachisale, pamene mukunena za mwana wonunkhiza bambo ake, ine ndikuganiza za mayi wonunkhiza chitsulo. Filimuyi inapereka nyimbo yokoma kwa mwana wa wakupha. Amayi aja inawapatsa malo akumbuyo, nkhope zambiri zoimba pamodzi mumdima, popanda mmodzi amene tinganene kuti tamudziwa.

Nachisale: Mayi a Tadala, mwanena chimene ndimalephera kuchitchula. N'chimenecho.

Chisomo: Ndikumva ululu wake, koma ndiloleni nditsutseko. Kodi filimu ikunenadi kuti Emilia ndi woyera? Ine ndinaona zosiyana. Jessi atanena kuti akukwatiwa ndi chibwenzi chake Gustavo ndipo atenga ana, Emilia amamugwetsera pabedi, liwu la Manitas limabwerera, kenako amamutsekera ndalama zonse ndi kutumiza munthu kukaopseza Gustavo. Filimu ikutionetsa poyera kuti nkhanza zija sizinachoke ndi opaleshoni. Ndipo El Mal imene a Kwaya atchula ikunena mosabisa kuti ndalama za bungwelo ndi zamagazi. Akuluakulu anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Mwina munthu wakunja amaona zimene eni ake atopa kuziona.

Aphunzitsi a ku Zomba: Mwambiwo ndi woona, a Chisomo, koma mlendo wake ayenera kufika pamudzi. Filimuyi pafupifupi yonse inajambulidwa mu situdiyo kufupi ndi Paris. Misika, misewu, khoti, zonse zomangidwa ku France. Audiard salankhula Chisipanishi, ndipo atafunsidwa ngati anaphunzira zambiri za Mexico asanajambule, anayankha kuti sanafufuze kwambiri chifukwa zimene ankafunika kudziwa ankazidziwa kale. Mawu amenewo ndi amene anakwiyitsa anthu koposa. Pambuyo pake, mu January 2025, ali ku Mexico komweko, anapepesa kwa amene filimuyi inawakhumudwitsa.

Sindikunena kuti munthu asajambule za dziko la eni. Audiard yemweyu anapata Palme d'Or, mphoto yaikulu ya pa chikondwerero cha mafilimu cha ku Cannes ku France, mu 2015 ndi Dheepan, filimu ya anthu othawa nkhondo ku Sri Lanka, yolankhulidwa kwambiri m'Chitamil. Koma kumeneko wosewera wamkulu anali munthu amene anaionadi nkhondoyo ndi maso ake. Mu Emilia Pérez, mwa akazi anayi akuluakulu, wa ku Mexico ndi mmodzi yekha, Adriana Paz, ndipo ndi amene ali ndi gawo laling'ono.

Nabanda: Koma gawo laling'onolo ndi limene lili ndi moyo, Aphunzitsi. Iye ndi Epifanía, mayi amene waitanidwa ku ofesi ya bungwe kuti mwamuna wake wosowa wapezeka. Abwera ali njenjenje, atabisa mpeni m'chikwama, chifukwa akuganiza kuti wapezeka wamoyo, ndipo mwamunayo ankamumenya. Atamva kuti apeza mtembo, mpweya umatuluka, nkhope imamasuka. Mphindi zochepa zimenezo zinandiuza zambiri za moyo wa mayi kuposa nyimbo zitatu. Pomwepo ndinaona kuti akanapatsa anthu a ku Mexico malo okwanira, ikanakhala filimu ina.

Mbewe wa ku Joni: Nanga enawo ndi ochokera kuti?

Nabanda: Karla Sofía Gascón, amene akusewera Manitas ndi Emilia yemwe, ndi wa ku Spain, ngakhale anagwirako ntchito zaka zambiri ku Mexico m'masewero a pa TV aja timawaonera pa Telemundo. Zoe Saldaña anabadwira ku New Jersey, makolo ake ndi a kuzilumba za Caribbean. Selena Gomez, amene akusewera Jessi, ndi wa ku Texas, ndipo Chisipanishi si chilankhulo chimene amalankhula tsiku ndi tsiku. Olemba anayesa kukonza nkhani kuti igwirizane ndi malilime awo: Rita amanena kuti anachokera ku Dominican Republic, Jessi anakulira ku America. Komabe a ku Mexico ambiri anati makutu awo amawawa. Eugenio Derbez, katswiri wa zisudzo wa kumeneko, anadzudzula poyera kalankhulidwe ka Selena, kenako anapepesa.

Mayi a Tadala (Texas): Ndipo si katchulidwe kokha. Anzanga amati ziganizo zina n'zoti munthu wa ku Mexico sanganene, zikumveka kuti zinaganizidwa m'chilankhulo china. Ngakhale nyimbo ya mwana ija, a Nachisale, ili ndi mzere wotchula mowa wa mezcal ndi chakudya cha mapeyala chotchedwa guacamole, ndipo iwo amati umo ndi mmene mlendo wodzaona malo amaganizira za fungo la Mexico, osati mwana wobadwira m'nyumba ya kumeneko.

Nachisale: Zimenezo ine sindikanazimva, ndinkawerenga mawu olembedwa pansi. Ndiye kuti ife ndi oweruza a ku Cannes tinaonera filimu ina, a ku Mexico anaonera ina.

Mkulu wa Kwaya: Ifetu izi tikuzidziwa. Kumbukirani 2019, itatuluka The Boy Who Harnessed the Wind, ya nkhani ya William Kamkwamba. Dziko lonse linkayamikira, ife tinkamvetsera Chichewa chake tikugwira mutu. Chiwetel Ejiofor, amene anaitsogolera n'kuseweramonso, anayesetsa, mnyamata wosewera William anali wa ku Kenya, ndipo Lily Banda akangoyankhula umamva khutu likupuma. Wa ku London sakanadziwa kusiyana kwake.

Chisomo: Eya, koma tinainyadirabe. Bwanji a ku Mexico asachite chimodzimodzi?

Aphunzitsi a ku Zomba: Chifukwa zinthu ziwirizi sizifanana. Ejiofor anabwera, anajambula ku Kasungu, kwawo kwa mwini nkhani, ndi anthu a m'midzi yomweyo, kuchokera m'buku limene Kamkwamba analemba nawo yekha. Lilime linapunthwa koma nkhani inali ya mwini wake, ndipo njala ya 2001 ndi 2002 anaionetsa mwaulemu. Tayerekezani wina atajambula za njala imeneyo mu situdiyo ya ku Ulaya, ngwazi yake n'kukhala munthu amene anabisa chimanga, kenako walapa, akugawa phala akuimba. Tikanaimva bwanji ife amene tinaika abale athu chaka chimenecho? Pamaliro mlendo amalandiridwa, amapatsidwa mpando, akhoza kulira nawo. Koma sayambitsa nyimbo asanafunse kuti wamwalira ndani.

Bambo Phiri: Ine ndakhala chete chifukwa nkhani ya kusintha kuchoka pa mwamuna kukhala mkazi imandivuta, ndinene zoona. Chikhulupiriro changa ndi mmene ndinaleredwera sizigwirizana nazo. Koma ndinaonera, ndipo funso limene linanditsalira si la thupi. Ndi la kulapa. Munthu wapha anthu ambirimbiri. Wasintha dzina, nkhope, moyo. Wayamba ntchito zabwino. Koma sanaime pamaso pa mayi ngakhale mmodzi n'kunena kuti mwana wanu ndinamupha ndine. Sanapite kukhoti. Chuma chamagazi chija akudyabe. Kumeneko ndi kulapa kapena kuthawa?

Nabanda: Bambo Phiri, zikomo ponena mosabisa komanso mwaulemu. Chodabwitsa n'chakuti anthu ambiri amene anasinthadi ngati Emilia anafunsa funso lofanana ndi lanulo, kuchokera mbali ina. Bungwe la GLAAD ku America, loyankhulira anthu ngati amenewa, linaidzudzula filimuyi kuti ikubwezera m'mbuyo mmene anthu otere amaonetsedwera. Dandaulo lawo n'lakuti nkhaniyi ikusakaniza zinthu ziwiri zosiyana, kukhala chimene uli ndi kuthawa milandu, ngati kuti mwamuna ndiye woipa, mkazi ndiye wabwino, ndipo mpeni wa dokotala ndi umene ukulekanitsa. Anthu enieni amene amadutsa njira imeneyi sakhala akubisala apolisi. Ambiri amataya abale, ntchito, ena moyo umene. Ndipo amene anayankha filimuyi mwamphamvu ku Mexico ndi mmodzi wa iwo, Camila Aurora, amene anajambula kafilimu kotchedwa Johanne Sacreblu, konena za France koma kopangidwa ku Mexico popanda Mfalansa, kuti a ku France alawe mmene zimamvekera. Anthu miyandamiyanda anakaonera pa YouTube.

Chisomo: Komabe tisaiwale kuti Gascón anasewera bwino. Ku Cannes mu May 2024 akazi anayi onse anagawana mphoto ya wosewera wamkazi wopambana, filimu inapatanso mphoto ya oweruza, Jury Prize, ndipo iye anakhala mkazi woyamba wosintha chotere kupata mphoto imeneyo, kenako woyamba kupikisana nawo pa Oscar ya wosewera wamkazi. Pamene akudzuka m'chipatala, mabandeji ali thupi lonse, n'kumayeserera kutchula dzina lake latsopano, ine ndinamukhulupirira.

Aphunzitsi a ku Zomba: Anasewera bwino, sindikana. Zimene zinamugwetsa ndi zolemba zake zakale za pa Twitter, zimene mtolankhani Sarah Hagi anazitulutsa kumapeto kwa January 2025. Munali mawu onyoza Asilamu, onyoza George Floyd, ndi ena otero. Netflix, kampani imene inkafalitsa filimuyi, inamuchotsa pa ntchito yokopa mavoti a Oscar. Filimu inali italowa m'magawo 13 a Oscar, chiwerengero chimene filimu ya chilankhulo china osati Chingerezi inali isanafikepo, koma pa 2 March inatuluka ndi ziwiri zokha: ya Zoe Saldaña ndi ya nyimbo ya El Mal. Ya filimu yakunja inapita ku Brazil, kwa Walter Salles, ndi filimu yonenanso za munthu wosowa, bambo wotengedwa ndi boma la asilikali mu 1971, koma yofotokozedwa kudzera mwa mkazi wake wotsala ndi ana, kuchokera m'buku la mwana wawo weniweni. Kwawo ku France, Emilia Pérez inapata mphoto 7 za César, mphoto zazikulu za mafilimu za kumeneko.

Mayi a Tadala (Texas): Chimene chimandiwawa n'chakuti filimuyi inagwa chifukwa cha zolemba za munthu mmodzi, osati chifukwa cha kulira kwa a ku Mexico. Iwo anali atadandaula kwa miyezi, mphoto zikungobwerabe, Golden Globe zinayi mu January momwemo. Ndipo patangopita masiku ochepa ma Oscar atachitika, gulu la ofufuza abale awo ku Jalisco linalowa pa famu ina ku Teuchitlán n'kupeza milu ya nsapato, zovala ndi zikwama za anthu. Amayi anayamba kuyang'ana zithunzi za nsapatozo pa intaneti, imodziimodzi, kuti mwina azindikira ya mwana wawo.

Mbewe wa ku Joni: Mayo ine. Ndiye filimuyo imatha bwanji?

Nachisale: Jessi ndi Gustavo amamugwira Emilia kuti awapatse ndalama, amamudula zala n'kutumiza kwa Rita. Pakati pa kuomberana mfuti, Emilia amauza Jessi zinthu zimene Manitas yekha akanadziwa, za mmene anakumanirana ndi tsiku la ukwati wawo. Jessi amazindikira mochedwa, mwamuna wake ali kale m'buti ya galimoto. Alimbana ndi Gustavo galimoto ikuthamanga, igwera kuphedi, onse atatu afera pomwepo. Rita ndi amene atsala ndi ana. Kenako chithunzi chomaliza: khamu la anthu mumsewu, Epifanía akutsogolera nyimbo, anyamula chifanizo cha Emilia ngati cha woyera mtima.

Chisomo: Ine mathero amenewo ndinawamva ngati chenjezo, kuti anthu amatha kulambira munthu osadziwa mbiri yake.

Bambo Phiri: Likanakhala chenjezo, a Chisomo, akanationetsa mayi mmodzi ataima pambali pa msewu, osaimba nawo. Mmodzi yekha akanakwana. Koma onse akuimba, nyimbo ndi yokoma, kamera ikuyenda nawo limodzi. Amayi aja akunyamula pamapewa munthu amene mwina ndi amene analamula kuti ana awo akwiriridwe, ndipo palibe anawauza. Rita akudziwa, koma ali chete. Ine pamenepo ndi pamene ndinasiyana nayo filimuyi.

Mkulu wa Kwaya: Ndipo ngati woimba ndivomereze kuti nyimbo ili ndi mphamvu yoopsa imeneyo. Ukaika mawu pa maimbidwe abwino, anthu amavomera asanaganize. N'chifukwa chake a Nachisale nyimbozi sizikukuchokani. Sikuti mwalakwa, zinapangidwa kuti zitero.

Nachisale: Ndiye tinene kuti anthu asaonere?

Mayi a Tadala (Texas): Ayi, aonere, aone Saldaña akuvina, amve nyimbo ya mwana ija. Koma asaime pomwepo. A ku Mexico anajambula okha nkhani imeneyi. Pali Ruido ya Natalia Beristáin, ya 2022, ya mayi wofufuza mwana wake wamkazi. Wosewera mayiyo ndi Julieta Egurrola, mayi ake enieni a wotsogolera, ndipo ena mwa ofufuza amene akuoneka mmenemo ndi anthu enieni amene abale awo anasowa. Palinso Sin señas particulares ya Fernanda Valadez, ya 2020, ya mayi wochokera ku Guanajuato amene akulondola mwana wake wosowa pa ulendo wopita kumalire a America. A Mbewe, inu amene mumadziwa za anyamata onyamuka kumudzi kupita ku Joni n'kusamvekanso, imeneyo ikugwirani pamtima.

Mbewe wa ku Joni: Musanene, amayi. Alipo makolo kumudzi kwathu amene mpaka pano foni ikalira usiku amathamangira. Ndiyamba ndi imeneyo, Emilia Pérez ibwere pambuyo.

Chisomo: Ine ndikadali pa mfundo yanga kuti filimuyi ikudziwa kuipa kwa Emilia kuposa mmene mukuipatsira. Koma Ruido sindinaione. Ndiione kaye, Loweruka ndibwera ndi yankho kwa Bambo Phiri pa nkhani ya mayi woima pambali pa msewu.

Bambo Phiri: Ndikhala ndikudikira, mwanawe. Ukaonetsetsenso nkhope ya Rita pamene akulandira ana aja, undiuze ngati ukuona munthu amene adzawauze zoona akadzakula.